Chitsulo cha Pachingwe

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno ndili bwino, kungoti ndaonda, moti siketi ndikuchita kumanga ndi phini.

Nkhani yabwino ndi yakuti fizikisi ija ndakhoza. Ndangopulumukira mkamwa mwa mbuzi, koma sandichotsa sukulu. Paja wolephera phunziro limeneli chaka choyamba amauzidwa kuti alongedze. Tinayamba titadzaza holo, koma pofika pakati pa temu mipando yambiri inali pululu. Komabe pali zina zimene sindikanatha kukuuzani pa foni, n'chifukwa chake ndalemba.

Mphunzitsi wathu timawatcha a Mwamvatu, chifukwa akadzaza bolodi ndi masamu amatembenuka n'kunena mawu amenewo, ife tili kukamwa yasa. Tsiku lina m'mawa anatitengera ku labu. Mmenemo muli mpira wachitsulo, waukulu ngati mutu wa mwana, wolendewera pachingwe kuchokera kudenga. Anati ukaukokera pamphuno pako n'kuusiya osaukankha, umapita uko n'kubwerera koma sungakukhudze, chifukwa chinthu sichikwera kupyola pomwe chachokera popanda wochiwonjezera mphamvu. Analoza ine kuti ndiyese.

Ndinatsamira khoma, n'kuusiya. Unapita, unabwerera, ndipo unandikhudza pamphumi. Sunandipweteke ayi, unangondigunda pang'ono ngati munthu wokudzutsa ku tulo. Anzanga anaseka, aphunzitsi nati ndakankha. Kachiwiri anaugwira okha n'kuusiya, ine manja ali kumbuyo. Unandikhudzanso. Ataima iwo pakhomapo, unathera patali ndi mphuno yawo monga mwa lamulo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo tsiku limenelo mawu awo aja sanawanene.

Kuyambira pamenepo chilichonse chimene ndinkayeza chinkapyola pang'ono. Kangolo koyeserera kankathamanga kuposa ka anzanga. Bambo wosamalira zipangizo anandisinthira zonse, koma sizinathandize. Mtsikana amene tinkagwira naye ntchito, wolongolola uja timamuti Wailesi, anayamba kukhala duu, kenako anapempha kusamukira tebulo lina. Nditamufunsa anati ndisamumve molakwa, koma akaima pafupi nane amamva ngati patebulopo tilipo atatu. Malikisi anga a mu labu anagwa, amvekere ndimagwira ntchito mosasamala.

Za m'kalasi ndinalimbana nazo ndithu. Ndinasiya kuloweza, ndinayamba kujambula funso lililonse ndisanagwire masamu. Ndinalimbanso mtima kupita ku ofesi ya a Mwamvatu, ndipo ndinapeza kuti ndi munthu wofatsa. Anandiuza kuti pa chinthu chilichonse ndizijambula kamuvi kosonyeza chimene chikuchikankha kapena kuchikoka, ndipo manambala akakana kugwirizana ndiye kuti pali mphamvu ina imene sindinaijambule. Iwo ankanena za masamu. Koma ine ndinakumbukira malemu achimwene.

Mukukumbukira katungwe amene anandimangira mumtengo wa kuseri kwa nyumba? Nthawi zonse ankandikankha mopyola. Ndikalira kuti basi, ankaseka n'kundifunsa chimene ndikuopa pamene iwo ali kumbuyo kwanga. Mukudziwanso kuti maphunziro awa ankawafuna ndi iwo, matenda asanawatsekereze.

Mayeso a mu labu tinalemba masana, dzuwa likuwala pamawindo onse. Aliyense anapatsidwa kachitsulo kapachingwe ndi wotchi. Ka anzanga kankachepa mphamvu pang'onopang'ono monga ziyenera kukhalira. Kanga kankakulirakulira, mpaka kanayamba kugunda m'mphepete mwa tebulo. Mphepo munalibe, mawindo anali otseka. Woyang'anira mayeso anali atayamba kale kubwera cha kumene ndinali.

Ndinawerama ngati ndikuwerenga wotchi, n'kunong'ona kuti, “Achimwene, chonde siyani. Mukandikankha ndilephera. Ndilekeni ndipite ndekha.”

Achemwali, dzanja linachoka pamsana panga. Sindinkadziwa n'komwe kuti pali dzanja, mpaka pamene linachoka. Ndinadzandira chambuyo, ndikanapanda kugwira tebulo ndikanagwa chagada. Woyang'anira anafunsa ngati ndili ndi chizungulire, ine ndinati ndangopunthwa. Kachitsulo kaja kanayamba kuyenda bwinobwino, ndipo manambala anatuluka enieni.

Chichokereni tsiku limenelo palibenso chachilendo. Wailesi wabwerera patebulo langa ndipo akulongolola ngati kale. Koma masitepe a kuchipinda kwathu, amene ndinkakwera chothamanga, tsopano ndimapumira pakati. Pamsana pamazizira ngakhale nditavala juzi. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndinalankhula mwaukali, poti munthu wobwera kudzakuthandiza sam'pirikitsa chotero.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi musawauze izi, mtima wawo mukuudziwa. Koma ngati chingwe cha katungwe chija chikadali mumtengomo, musalole alamu kuchidula, ngakhale chatha. Ndipo mwana wanu wamng'ono akakwerapo, muime chapatali muone. Mukaona akukwera m'mwamba kuposa mmene timiyendo take tingathere, musamukalipire ndipo musathamange kukamutsitsa. Mungondilembera, ndidziwe kuti achimwene anafika bwino kumeneko.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Amalume muwauze kuti nsapato anandipatsa zija zikugwirabe ntchito. Tikatsekera ndibwera.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
mzime wa amayi