Sopo mu Mtsuko wa Bambo

Kutaisi,
3 Sepitembala.

Wokondedwa mng'ono wanga Otar,

Ndikupatsa moni pamodzi ndi onse a pakhomo. Ndikufuna kumva za moyo wako, wa mlamu Lamara ndi ana, makamakanso za mwendo wa mayi, umene chemwali Tsiala akuti wayambanso kutupa. Ine ndili bwino, kupatula chifuwa chimene chimandigwira mvula ikagwa, ndipo kuno kumadzulo mvula siipuma. Ntchito yosunga zolembedwa zakale ikuyenda monga mwa nthawi zonse.

Padutsa zaka zitatu ndi miyezi iwiri tisakulankhulana. Ndikulemba chifukwa cha zimene ndinamva Loweruka lapitali, ndipo ndikupempha kuti uwerenge mpaka kumapeto.

Anzanga a kuntchito anakonza ulendo wokaona banja lina lopanga vinyo m'mudzi wa kumapiri. Sindinafune kupita. Ndinkati munthu wa kwathu ku Kakheti angaphunzirenji kwa anthu amene amakwirira mitsuko yawo ya vinyo pabwalo, pansi pa mitengo, ngati alibe denga? Komabe ndinapita, poopa kuoneka wonyada.

Mwini pakhomopo, a Besarion, nkhalamba yaifupi yogontha khutu limodzi, tinawapeza ali m'kati mwa mtsuko, akukwecha ndi makungwa a mtengo wa cheri omangidwa pamodzi, monga ankachitira bambo. Atatulutsa mutu ndi kumva kumene ndimachokera, anaomba m'manja.

"Ku Kakheti? Pepani, achimwene. Khalani pansi, lero mulawe vinyo koyamba pa moyo wanu."

Ndinawayankha kuti kwathu madzi oterowo timatsukira matambula. Anthu anaseka, ndipo kusekako kunandinola pakamwa. Pofuna kuonetsa sukulu yanga, ndinafunsa chifukwa chimene amadzivutitsira ndi makungwa pamene sopo alipo.

"Sopo? Nunu, bwera udzamve kuno! Bwana wa mapepala akufuna kusambitsa mtsuko ngati khanda!"

Akazi awo anayankha ali pakhomo la khitchini, manja ali ndi ufa: "Musiyeni mlendo, inu. Mwina kwawo amamwa thovu."

Kenako nkhalambayo inasiya nthabwala. Inagogoda pakamwa pa mtsuko ndi chala niti, "Dongo limamwa, achimwene. Chimene mwalipatsa limasunga, n'kumakubwezerani m'tambula chaka ndi chaka."

Otar, vinyo amene anatipatsa sindinamumve kukoma. Anzanga ankaimba, ine ndili kwathu m'maganizo.

Ndilemba zinthu mwa dongosolo lake, popeza ndiyo njira yokha imene ndimadziwa. Chaka chimene bambo anatisiya, ndinabwera nthawi yokolola mphesa. Ndinapeza ukutsuka mtsuko wawo waukulu ndi makungwa, ndipo ndinati umenewo ndi uve wa anthu osawerenga. Makungwawo ndinawaponya pamoto. Unandiuza kawiri kuti bambo sankatero. Ine ndinakukumbutsa kuti wamkulu ndine, wophunzira ndinenso, ndipo ndinaima pomwepo mpaka unatsuka ndi sopo amene ndinabwera naye.

Pa mwambo wokumbukira bambo patatha chaka, tinatsegula mtsukowo. Malume Valiko anakweza nyanga yomweramo vinyo, natchula dzina la bambo, namwa mpaka pansi chifukwa cha ulemu. Anapukuta pakamwa. Mudzi wonse unamwa vinyo wonunkha zochapira, ndipo palibe anapempha wachiwiri. Ine ndinaimirira pamaso pa alendo ndi pamaso pa ana ako, n'kunena kuti sunamate bwino chivundikiro, kuti bambo anasiya mphesa zawo m'manja mwa waulesi. Unanyamula botolo la vinyoyo n'kutuluka.

Tsiku lomwelo ndinalemba m'buku la banja, limene ndimasunga kuyambira pa agogo, mawu akuti: "Vinyo anawonongeka, cholakwa cha Otar." Zaka zonsezi ndakhala ndikukhulupirira mzere umenewo chifukwa ndinaulemba ndekha.

Lamlungu m'mawa ndinatsegula bukulo. Pa ntchito yathu sitifafaniza kanthu: timadula ndi mzere umodzi kuti mawu akale aziwerengekabe, n'kulemba zoona pambali. Ndadula dzina lako, ndalemba langa, ndaikapo tsiku ndi kusayina. Adzukulu akadzatsegula adzaona zonse ziwiri, bodza ndi mwini wake.

Tisanachoke kwa a Besarion ndinawatengera pambali, kumbali ya khutu lakumva, n'kuwafunsa ngati mtsuko wotero ungachire. Anafunsa ngati wa sopoyo ndi mnansi wanga. Ndinati ndine. Sanaseke. Anati m'kati musonkhedwe kamoto ka nthambi za mphesa kuti phula la njuchi lakale lopakidwa m'katimo lisungunuke, kenako apale, atsuke ndi phulusa ndi laimu kambirimbiri mpaka madzi atuluke oti munthu n'kumwa, ndipo pomaliza apake phula latsopano dongo lidakali lofunda. Anati mitsuko ina imachira, ina ayi, sanandilonjeze kanthu. Akazi awo anandikulungira makungwa m'nyuzipepala, nati ndisakawayese nkhuni.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Tsiala wandilembera kuti mtsukowo wakhala wopanda kanthu chiyambire tsiku lija, ndipo ukufuna kuuthira mchenga ndi kuwaka simenti pamwamba musanayambe kukolola. Sindikukuletsa, mphamvu yoletsa ndinaiwononga ndekha. Ndikungopempha kuti udikire mpaka pa 14. Ndapatsidwa tchuthi cha masiku khumi. Ndilole ndilowemo ine, ndi manja angawa. Iwe udzaime pamwamba, uzindiuza pokwecha, ndipo ndidzamvera. Ukadzalawa madzi omaliza n'kumvabe sopo, mchenga woyamba ndidzathira ndine.

Pali vuto limodzi. M'buku muja ndinalembamo kukula kwa pakamwa pa mtsuko, ndipo dzulo ndinadziyeza m'mimba ndi chingwe. Ndapitirira ndi zala zitatu. Kuyambira dzulolo ndasiya buledi wa tchizi ndi shuga. Uwauze mlamu asandikonzere phwando.

Ngati sukufuna kuti ndifike, uza Tsiala mawu amodzi, ndipo ndidzakhala konkuno. Ngati sindimva kanthu, ndidzatsika basi ya masana pa mlatho, nditanyamula makungwa ndi phula.

Undiperekere moni kwa mayi, ndipo uwawerengere kalatayi yonse, osadumpha ndime ya buku. Moni kwa mlamu Lamara, kwa ana, kwa Tsiala ndi amuna ake, ndi kwa malume Valiko, amene anamwa nyanga yonse ija chifukwa cha ine.

Ndine mkulu wako, wolakwa pa nkhaniyi,

Shalva