Anandivundukula n'kunena kuti si ameneyu

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndili ndi saluni yanga pa boma la Mchinji. Mtima wanga ukuwira, ndithandizeni.

Mwezi watha kwathu kwa Mavwere kunali chinkhoswe cha mng'ono wanga Tiyanjane. Mwamunayo ndi Kefasi, amene anayamba kufunsira ine. Ndinamukana chifukwa ankapalasa kabaza, ine ndili ndi MSCE yanga. Lero amathandiza amalonda kuwolotsa katundu pa boda, ali ndi njinga yamoto, kamimba nako katuluka. Ndiye watola Tiyanjane, mwana woti Fomu 2 inamukanika.

Ndinapirira, ngakhale tsitsi lake ndinaluka ndine. Koma patsikulo azakhali anandikakamiza kulowa m'gulu la atsikana ofunditsidwa zitenje, aja amawatsogoza kuti akuchimuna aloze wawo. Amalume ake a Kefasi anayamba kuvundukula ine, n'kukuwa, "Si ameneyu! Uyu tikumudziwa, anatikana!" Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Mayi wina anawonjezera, "Kam'bwezereni pa shelefu!" Tiyanjane anaseka nawo, ndinamumva ndithu mkati mwa chitenje chakecho. Pambuyo pake akuti, "Asisi, si masewera chabe kodi?" Mpaka lero sindinamuyankhe.

Tsopano pali Lameki, dalaivala wa thiraki wa ku Zambia amene amaima pa boda podikira mapepala. Tangodziwana kumene. Akuti ndigulitse saluni tikakhale ku Lusaka, za ankhoswe tidzaziona pambuyo. Wogula wapezeka kale. Ndikufuna ndichoke ukwati wa Tiyanjane ndi Kefasi usanachitike, mpando wanga ukhale wopanda munthu, anthu azifunsana. Kefasi sindikumufuna, koma sindingamaone Tiyanjane akudutsa pakhomo pa saluni yanga atamukoleka manja m'chiuno pa njinga ija. Ndipite?

E.M., Mchinji

Mwana wanga E.M.,

Anakulakwira, palibe zobisa. Azakhali ako ankadziwa za iwe ndi Kefasi, sanayenera kukuika pamzere uja, ndipo amalume aja anapyola malire a nthabwala.

Koma taona zimene wandiuza. Za Kefasi ndadziwa ntchito, njinga, mpaka mimba. Nanga za Lameki? Kwawo n'kuti? Ku Lusakako kulibe mayi ndi ana amene amamudikira? Sunanene n'komwe kuti umamukonda. Mwamuna wonena kuti gulitsa kaye, ankhoswe pambuyo, akufuna ukafike kwawo wopanda pogwira, wopanda wokuyankhulira zikavuta.

Zoona, ku ukwatiko anthu adzafunsana kuti uli kuti. Adzafunsana kufikira mbale za mpunga zitafika, kenako adzavina. Iwe saluni idzakhala itapita.

Wogula uja umuuze kuti chaka chino sukugulitsa. Lameki umuuze abwere ndi amalume ake kwa Mavwere, dzuwa likuswa mtengo, adzaonane ndi amalume ako. Ukaona foni yake yasiya kupezeka, wayankhidwa. Lilime uli nalo, mwana iwe, ndaliona. Pita nalo kwa azakhali, mwaulemu koma mosazungulira, uwauze kuti anakuchititsa manyazi. Tiyanjane umuyankhe funso lake lija: kwa iwe sanali masewera. Mwina sakudziwa n'komwe kuti unamumva akuseka.

Kukhululuka sindikukufulumizitsa. Ngati ukwatiwo sungaupirire, khala pa saluni pako tsikulo, uluke makasitomala ako. Palibe amene anamangidwapo chifukwa chojomba ku ukwati.

Ukadzafunabe Lusaka mtima utazizira, boda sithawa. Koma chenjera: ukawoloka lero ndi mkwiyo n'kudzabwerako chimanjamanja, khomo loyamba kugogoda popempha pogona likhoza kudzakhala la Tiyanjane.

Aphungu