Msomali wa Katungwe wa Hyeran

Hamyang, mpunga ukuyamba kucha

Achimwene anga a Deokgu,

Ndayamba ndi moni chifukwa amayi anatilera choncho. Muli bwanji kumeneko ku Busan? Chifuwa chija chinasiya? Nanga alamu anga a Malsuk? Kuno tilipo. Bondo langa ndi lomwe lija, limandiuza za mvula wailesi isananene. Tsabola wachita bwino, ndayanika bwalo lonse mpaka padenga. Mwana wanga Hyeran akuti moni amalume, chifukwa sakudziwa zimene ndikulembazi.

Moni wathera pamenepa.

Mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira kuti inu mupitirize, ndipo kulemba ndinadziphunzitsa ndekha pa matumba a feteleza. Musayembekezere mawu onona. Ndilemba monga ndimalankhulira, ndipo ndiyamba ndi zimene mukuzidziwa kale, poti zikuoneka kuti mutu wanu wayamba kutaya zinthu.

Sabata imene Hyeran anabadwa, malemu bambo ake a Chilseong anabzala mtengo wa odong kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mitsuko ya soya, monga amachitira bambo aliyense akapatsidwa mwana wamkazi, kuti mwanayo podzakwatiwa mtengowo udzasanduke kabati yake. Inu munalipo. Munawaseka kuti mlamu, kamtengo kowonda ngati kodyera mpunga aka, mwana wanu adzasungamo chiyani, singano?

Mwana atayamba kuthamanga, bambo ake anamumangira katungwe pa mtengowo. Chingwe chinkaterereka, ndiye anakhoma chimsomali pa thunthu kuti chizigwira. Apongozi anga anawakalipira tsiku lonse kuti chitsiru iwe, waononga thabwa la mwana. Iwo anangoseka, amvekere, amayi, kabati adzaifuna akadzakula, katungwe akumufuna lero.

Sanaone mwanayo akukula. Mtengo ndi umene unakula, numeza msomali uja mpaka osaoneka.

Hyeran atafika pa msinkhu ndinaudulitsa. Sowo ya wocheka matabwa inagunda msomaliwo, mano n'kuthyoka, bamboyo n'kutukwana mpaka agalu a m'mudzi kuuwa. Thabwa limodzi linatuluka ndi mzere wakuda wa dzimbiri, wotalika ngati kuchoka pa chigongono changa kufika pa chala. Anafuna kuliponya pa nkhuni. Ndinamuuza kuti akalitaya ndimuponyanso iyeyo pomwepo. Matabwawo ndinawaimika pa khoma kuti mvula iwatsuke, dzuwa liwaumitse, ndipo chaka ndi chaka ndinkawatembenuza ndekha ndi bondo langali.

Chaka chatha munabwera ndi lole. Munati mlongo wanga, mtengo wa mlamu usapite kwa kalipentala wamba, ndikudziwa mmisiri ku Tongyeong, a Ok, amene amapaka utomoni wakuda wowala ngati madzi, n'kumatamo tizigoba ta nkhono za m'nyanja. Munati mkazi wamasiye asamavutike achimwene ake alipo. Ndinalira tsiku limenelo, achimwene, pamaso panu. Ine amene sindinalire pa maliro a apongozi anga.

Ndinajambula ndekha abakha awiri kuseri kwa kalendala kuti mmisiri adzawaike pa zitseko. Munaseka kuti izi ndi nkhuku zonyowa. Nanenso ndinaseka. Munapinda pepalalo n'kuika m'thumba la malaya.

Kuyambira pamenepo, nkhani zokhazokha. Koyamba mmisiri wadwala. Kenaka utomoni suuma nyengo yozizira, umafuna chinyezi. Kenaka zigoba zabwino zasowa. Ine n'kumavomera ngati mwana. Mwana wanu Seona atakwatiwa nyengo ya maluwa ija, ndinabwera, ndinaphika mpaka msana kuuma, ndinavina. Ndinakufunsani za kabati kuseri kwa holo, munati iwe Bongnye, mtima wako uja, zinthu zabwino sizithamangiridwa.

Sabata yatha ndinabwera ku Busan kudzaonetsa bondoli kuchipatala. Sindinakuuzeni. Nditatuluka ndinati ndikamuone Seona ku nyumba yake yatsopano, ndimusiyire botolo la mafuta a chitowe.

Mwanayo anandilandira bwino, ndisaname. Anandikoka dzanja, amvekere, azakhali, bwerani muone kuchipinda, koma musakomoke. Ndinati ndikomoke ndi chiyani, bedi ndinaliona kale.

Inali pa khoma la kum'mawa. Kabati yakuda, yowala moti ndinadziona nkhope ndi makwinya omwe. Pa zitseko panali akakowa ndi mitengo ya paini, zonse za tizigoba tonyezimira. Ndinaiyamikira ndi mtima wonse, chitsiru ine. Ndinati mwana iwe uli ndi mwayi, ya Hyeran ikadzangofikako theka ndidzagona tulo.

Anati tsegulani muone m'kati, fungo lake lokha.

Ndinatsegula. M'kati sanapakemo utomoni, munali mtengo woyera. Kumbuyo, pamwamba pa zofunda zake zopindidwa bwino, panali mzere wakuda uja.

Ndinauyeza, achimwene. Ndinaika chigongono, chala chinafika pomwe unathera.

Seona anaona ngati ndapeza chilema. Anati azakhali musadandaule, mmisiri ankafuna kulitaya thabwa limenelo koma ababa anakana. Akuti mtengowu anandibzalira okha kumudzi kwa agogo sabata imene ndinabadwa, ndipo apa ndi pamene anakhoma msomali wa katungwe wanga. Anati ine katungweyo sindimukumbuka, koma ndikatsegula m'mawa ndimagwirapo.

Werengani mawu amenewo kawiri. Ine ndakhala ndikuwamva m'mutu sabata yonse.

Inu amene simunabzalepo ngakhale anyezi! Inu amene nyundo mumaigwira ngati ikuluma! Mtengo munatenga, chabwino, mbava zimatenga mitengo. Koma munatenganso katungwe. Munatenga kuseka kwa a Chilseong, munthu amene sangadzuke kudzakutsutsani, n'kukavala ngati jekete lobwereka pamaso pa mwana wanu.

Mumandidziwa pakamwa. Ndinathyolapo tsache pa msana wa wogula mpunga chifukwa cha sikelo yake. Koma tsiku limenelo ndinatseka chitseko cha kabati pang'onopang'ono, ndinamwa tiyi wa balere amene mwanayo anandipatsa, ndinamuuza kuti azipukuta ndi nsalu youma, asamaiike padzuwa. Analakwa chiyani iyeyo? Nkhope yake inali ngati ya amayi athu ali mtsikana.

Ukali ndinabwera nawo kwanu.

Alamu anatsegula chitseko theka, amvekere, aa, mwatidzidzimutsa, achimwene anu atuluka. Ndinati atuluka opanda nsapato? Zinali pomwepo pakhomo, achimwene, zofiirira zija munavala pa ukwati, zitayang'ana m'nyumba. Wailesi ya kanema inkalankhula kuchipinda, kenaka inangoti zii. Mwamuna wa imvi kubisala kuchipinda ngati mwana amene wakodza pa mphasa!

Ndinawafunsa alamu za kabati. Poyamba anati kabati iti. Nditawayang'ana anasintha, anati mlamu khalani pansi, tilankhule ngati anthu. Akuti apongozi ake a Seona ndi anthu apamwamba, mayi a mnyamatayo anafunsa kuti mkwatibwi abwera ndi kabati yotani, ndipo odong wouma bwino sapezeka msanga. Akuti munangobwereka. Ndinati mtengo amabwereka bwanji, mudzaubweza ndi masamba ake?

Ndiye anandiuza mawu amene anandimaliza. Akuti thabwa ndi thabwa, mlamu. Akuti Hyeran akukwatiwa ndi woyendetsa basi, kwawoko ndani angasiyanitse odong ndi paini? Akuti mumugulira ya m'sitolo, ya galasi lalitali, yoposa imeneyo.

Ndinawayankha kuti galasilo agule ndithu, alipachike kuchipinda kwanu, mwina inu mungadzionemo. Zina zimene ndinanena sindilemba. Munazimva nokha, khoma lanu ndi lopyapyala. Ndinaitana dzina lanu, osati achimwene, dzina lenileni, monga ankakuitanirani ababa mukaba mazira. Simunatuluke.

M'basi yobwerera ndinkangoganiza chinthu chimodzi. Munakana kuti thabwa lija litayidwe. Ndiye kuti munkadziwa chimene lili. Mukanakhala munthu wosadziwa, bwenzi ndikuti umbuli. Koma munadziwa kulemera kwake, ndipo ndi chifukwa chake munalifuna.

Tsopano imvani za kuno. Hyeran sakudziwa kanthu. Ukwati wake ndi tikangomaliza kukolola. Kuchipinda chimene akakhale ndi mwamuna wake anasesa kale ngodya, anayeza ndi chingwe, anauza mnyamatayo kuti pamenepo pasaikidwe chilichonse, ndi pa ababa. Zofunda zimene ndinamusokera zili m'nsalu, zikudikira. Dzulo pomwe tikutola tsabola anandifunsa kuti amayi, kodi amalume anawauza a Ok kuti thabwa la msomali lija aliike poti ndizitha kuligwira? Ndinati tsabola wandilowa m'maso, n'kupita kuseri.

Ine sindinama, achimwene, ndipo mwandinamitsa kwa mwana wanga. Chimenechinso ndakusungirani.

Mwina mukuganiza kuti ndikufuna kabatiyo ibwere. Ayi. M'kabatimo mwalowa kale zovala za mkwatibwi wina. Sindingatumize lole kukazula kabati m'nyumba ya mwana amene wangokwatiwa kumene, apongozi ake akuonerera. Ndine waukali, sindine mfiti. Ya galasi yanuyonso musatumize, ndidzaikamo nkhuku.

Chimene ndikufuna ndi ichi. Pa Chuseok, chikondwerero chokumbukira makolo chija, tikamakamweta udzu kumanda, mubwere. Musatume alamu, musaimbe foni, musadwale chifuwa. Tikatha kwa ababa ndi amayi, mudzakwere nafe kumtunda kumene agona a Chilseong. Mudzathire mowa wa mpunga, mudzagwade, ndipo mudzamuuze Hyeran ndi pakamwa panu, bambo ake akumva, kumene mtengo wake unapita. Ine sindidzakuthandizani ngakhale liwu limodzi. Chimene mwanayo adzayankhe ndi chake. Akadzakukhululukirani, ine ndidzatseka pakamwa, ngakhale padzandiwawa ngati dzino.

Seona mumuuzenso, nthawi yake musankhe nokha. Kabati asunge. Koma akamagwira mzere uja m'mawa, azidziwa dzanja limene linakhoma msomaliwo. Ndipo nkhuku zanga zonyowa zija, ngati simunapukutire mphuno, mubwere nazo.

Ndikukupemphani, achimwene. Onani, ndalemba mawu amenewo, ine. Munandibereka kumsana kuwoloka mtsinje chaka cha madzi osefukira, ndipo ndinu nokha amene mwatsala wa m'mimba mwa amayi. Sindikufuna kukutayani. Koma sindingakusungeni muli kuseri kwa chitseko.

Mukudziwa kuti pa ukwati mpando wa bambo a mkwatibwi, pambali panga, tinati mudzakhalapo ndinu, ndipo ndinu mudzamugwire dzanja polowa. Hyeran anakusankhani yekha. Mukapanda kubwera kumanda, ku ukwatinso musabwere. Mwana wanga ndidzamugwira dzanja ndekha, anthu anene zimene anene.

Mpandowo sudzakhala wopanda kanthu. Chitsa cha odong chija chinaphuka, mukudziwa mmene umachitira mtengo umenewu ukadulidwa. Mphukira ina yandipitirira kale msinkhu, masamba ake ngati maambulera. Ina yaing'ono yatulukira pa muzu, pafupi ndi mitsuko. Ndaikumba, ndaiika mu mphika, ndikuithirira m'mawa uliwonse. Imeneyo ndi imene idzakhale pa mpando wanu, kutsogolo, pamaso pa abale onse ndi apongozi a Seona omwe. Ndipo wina akadzandifunsa kuti mphikawu ukutani pa mpando wa bambo, mumandidziwa, ndidzamuyankha.

Tsabola wogaya wa chaka chino ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. Musaone ngati mtima wanga wazizira. Amayi anandiuza ali pa mphasa yomaliza kuti mwana wawo asamadye tsabola wa m'sitolo, ndipo ine zimene ndalonjeza akufa ndimasunga.

Mundiperekere moni kwa Seona ndi mwamuna wake, nyumba yawo ikhale ya mtendere. Alamu muwauze kuti ndafunsa za thanzi lawo, zokhazo. Inuyo makolo akusungeni ndi moyo ndi miyendo yolimba, chifukwa njira ya kumtunda kuja ndi yotsetsereka.

Ndine mlongo wanu, kufikira pa Chuseok,
Bongnye