Nyama Yonona ya Mkamwini

Lachitatu, ku Tsangano. Tsiku londitopetsa.

Akatumba andigwiranso ndisanafike kumunda wa mbatatesi. Adokotala ku Boma anati mitsempha ya m'miyendo ikutsekeka, ndipo mafuta abwino oitsuka achepa m'magazi mwanga. Anati ndiziyenda tsiku lililonse ngakhale zipweteke, ndisiyenso zonona.

Koma pakhomo pano akumva ndani? Ndikangogwira ndodo, mayi a ana akuti, "Khalani pansi, anthu aziti tikukuzunzani." Ndiye mkamwini wabwera ndi nyama ya nkhumba, wagwada, wandisankhira yonona. "Iyi ndi yanu bambo, mupeze mphamvu."

Ndikanakana bwanji? Ndadya yonse, iye akumwetulira.

Phazi lazizira ngati mwala. Ndimati mawa ndilawirire asanadzuke, koma ndodo yanga aibisa.