Gitala ya achimwene yopanda bowo

Loweruka, mwezi wa Julaye

Chiperoni tsiku lonse, phiri silinaoneke. Lero tinali ku Chonde kogawa katundu wa malemu achimwene.

Amalume atanyamula gitala imene achimwene anabwera nayo kuchokera ku Joni, anaitembenuza kufuna bowo la pamimba, osalipeza. Ndi thabwa lokhalokha, lofiira, lolemera, la timabatani tinayi ngati toyatsira magetsi ndi kachitsulo konjenjemeretsa mawu. Kuseri kwa khosi analembako kuti Japan. Atagunda nsambo, inangolira ngati udzudzu.

"Ndi yakufa iyi," anatero amalume. "Mawayawa tikatchere misampha."

Ndinati andipatse ine, jekete imene anandigawira atenge ena. Anthu anandiyang'ana ngati wamisala, koma anandipatsa.

Sakudziwa kuti imalira ikalumikizidwa ku wailesi, monga ankachitira achimwene. Koma wailesiyo aisiyira alamu, ndipo ndani angakapemphe wailesi kwa mayi wamasiye amene wangometa kumene?

Madzulo ano ndinatsamiritsa chibwano pathabwapo, monga anandiphunzitsira achimwene, n'kugunda nsambo. Mawu anamveka m'mutu monse. Pakhosi pa gitalayo utoto unatha pamene pankakhala chala chawo chachikulu. Ndaikapo changa, koma sichikudzazapo.