Akufuna ndisenze mlandu wa mwana wa abwana

Aphungu,

Kalatayi ndikulembera m'galimoto panja pa ofesi, chifukwa m'katimo sindikutha kuyang'ana munthu kumaso. Ndine mayi wa zaka 41, loya kuno ku Bulawayo, ndipo pofika Lachisanu akufuna ndisaine pepala lomwe lingandilanditse chiphaso changa cha uloya.

Ndagwira ntchito zaka khumi ndi zitatu pansi pa Baba Tshabangu. Pachikwangwani cha pakhomo pali dzina lawo, kenako mawu oti "Associates". Ameneyo ndine. Kale tinalipo anayi, anzanga anatopa n'kuwoloka Limpopo kupita ku Joni, ndinatsala ndekha. Pa ntchito yathuyi asosiyeti ndi loya wolembedwa ntchito basi. Amafufuza, amalemba, amathamanga ku khoti, koma wosaina ndi mwini kampani. Chako pakalata ndi tizilembo tiwiri ta dzina lako, pakona pamwamba, kumbuyo kwa zilembo zikuluzikulu za abwana: DT/sk. Zaka zonsezi ine ndakhala "sk" ameneyo.

Tsiku lomwe ndinayamba ntchito mayi anga analuluta mpaka aneba anatuluka. Iwo ankayesa kuti ndagawana kampani ndi abwana, ndipo sindinawawongole mpaka anatisiya. Nawo Baba Tshabangu, phwando lililonse la Khirisimasi ankandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mwana wanga, chaka chamawa dzina lako likwera pakhomopo. Ungopirira." Sindingawanamizire, anali ngati bambo anga. Maliro a mayi anayendetsa ndi iwo.

Chaka chatha anadwala sitiroko, mkono wamanja unafa. Mwana wawo Mqondisi, yemwenso ndi loya, anabwera kuchokera ku Joni, ndipo mwezi usanathe dzina lake linakwera pachikwangwani. Munthu woti khomo la kalaliki wa khoti ndinachita kumulozera ine! Zinandiwawa, koma ndinameza.

Nkhani yandilembetsa ndi iyi. Tinkaimira Baba Hlabangana, mdala wopuma ntchito ya njanji, yemwe ankalimbirana nyumba yake ya ku Sizinda ndi ana a mkulu wake. Anagonja, koma pa apilo mwayi unalipo waukulu. Mapepala ndinakonza ine, masiku akadali ambiri. Mqondisi anabwera n'kunyamula fayilo patebulo panga. "Sisi, mlandu uwu ndisiyireni, majaji ayambe kundidziwa nkhope." Fayiloyo inagona m'buti ya galimoto yake milungu itatu, mwini wake ali kalikiliki ndi ukwati wa mnzake. Masiku a apilo anadutsa. Mdala uja anamutulutsira katundu panja, pano akugona pansi kwa mwana wake wamkazi, m'chipinda chimodzi ndi adzukulu. Wakadandaula ku bungwe loyang'anira maloya, ndipo bungwelo likufunsa yemwe anali ndi fayilo. Pamapepala onse pali "sk".

Lolemba Baba Tshabangu anandiitanira kunyumba kwawo. Anandipatsa tiyi, akulankhula movutikira, pakamwa akupukuta ndi dzanja lamanzere. Anati, "Mwana wanga, iwe ndiwe asosiyeti chabe, a bungwe akakukalipira n'kukusiya. Koma akagwira Mqondisiyu, kampani yatha. Ganizira MaNyathi ndi ana ake." MaNyathi ndi sekilitale wathu, mayi wamasiye. Pepala anali atalemba kale, lonena kuti fayilo ndinaiwala ndine. Mqondisi anaima pazenera akuseweretsa makiyi, osandiyang'ana. Anangoti, "Sisi, zikatha izi dzina lanu tilikweza, ndalumbira."

"Chabe" ameneyo akulirabe m'khutu mwanga mpaka lero. Koma Baba Tshabangu ndimawakonda, Aphungu, ndipo adokotala anati asamakhumudwitsidwe. Ndikakana, iwo n'kufa, ndiye kuti ndawapha ine? Nanga ndikasaina n'kundilanda chiphaso, ana anga awiri ndidzawauza chiyani? Mtima wanga wasweka, sindikudya. Ndithandizeni.

S.K., Bulawayo

Mayi S.K.,

Musasaine. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale misozi ikulepheretseni kuwerenga zotsalazi, mukhale mutawamva.

Dzina lanu la ntchitolo ndi jekete lokwana aliyense. Asosiyeti amamutchula wogulitsa nsapato m'sitolo, amamutchula mphunzitsi wa ku yunivesite, apolisi nawo amatchulira mnzake wa mbava. Onsewa ndi anthu oima pambali pa mwini nkhani. Inu mwaima pambali zaka khumi ndi zitatu pomwe ankagawana ulemu, palibe anakukodolani. Lero akugawa mlandu, mwadzidzidzi akuti bwerani kutsogolo.

Malamulo mukuwadziwa kuposa ine. Kuiwala fayilo n'kulakwitsa, munthu amalangidwa n'kudzukanso. Kunamiza bungwe lanu mwadala ndi nkhani ina, ndipo zikadzaululika sipadzakhala wokukalipirani n'kukusiyani. Komanso mukasaina, Mqondisi wakugwirani pakhosi moyo wanu wonse. Dzina lanu likadzakweradi pakhomopo, mudzakhala mnzake wa munthu wodziwa kuti akataya fayilo ina pali womutolera.

Mawa m'mawa onani buku lolembamo mafayilo otuluka, ngati MaNyathi amasunga lotero, ndipo mujambule tsamba la tsikulo. Mauthenga a pafoni omwe munkamukumbutsa Mqondisi, ngati alipo, musafufute. Koma MaNyathi musamukokere m'nkhondoyi, ali ndi zake zomulemera. Kenako pezani loya wamkulu wa kunja kwa kampani yanu, amene sadya nawo a Tshabangu, akuthandizeni kuyankha bungwelo. Mulembe zomwe zinachitika, tsiku ndi tsiku, popanda kunyoza munthu.

Kwa Baba Tshabangu mupite nokha Lachisanu lisanafike, mayi a kunyumba alipo. Musatumize uthenga, anakuikirani maliro a mayi anu. Muwathokoze, muwauze modekha kuti simusaina, ndipo musakhalitse. Wofunika kuwachotsera katundu ameneyu ndi mwana wawo, poima yekha n'kuvomera.

Pali china chomwe ndikudzudzuleni. M'kalata yanu yonse, munthu amene akugona pansi wapeza mizere yochepa. Baba Hlabangana sanalakwire aliyense, anangokhulupirira chikwangwani chanu. Mukudziwa kuti khoti limatha kupemphedwa kuti lilandire apilo mochedwa, ndipo limafuna chifukwa cholumbirira. Mukayamba ndi bodza, mwamutsekera mdalayo khomo lomaliza lobwererera m'nyumba mwake. Mutumizeni kwa loya wina msanga, masiku akupita.

Tsono ndikuchenjezeni, chifukwa sindikufuna mudzati ndinakunyengererani. Palibe adzakuthokozeni. Ntchito imeneyo muiwerenge kuti yatha, masatifiketi anu muchotseretu pakhoma. Baba Tshabangu mwina sadzakuyankhaninso moni. Mwinanso adzamwaliradi, poti ndi odwala kale, ndipo pamaliro anthu adzakulozani ndi milomo. Mudzapitebe, mudzakhale kumbuyo, mudzalire bambo anu. Sitiroko simunawapatse ndinu, ndipo fayilo sinagone m'galimoto yanu.

Zaka khumi ndi zitatu mwakhala tizilembo tiwiri pakona ya pepala. Yang'ananinso pepala lomwe akupatsanilo. Aka n'koyamba kuti kampani imeneyo ilembe dzina lanu lonse, m'zilembo zikuluzikulu, n'kukusiyirani mzere woti musaine nokha. Aliika pansi pa bodza.

Aphungu