Telala Wakufa ndi Lilime la Mayi Ako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikupatsa moni pamodzi ndi mkamwini wanga ndi adzukulu. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino, ndiponso kuti chifuwa cha wamng'onoyo chinatha. Ine ndili bwino, kupatula bondo lamanzere limene likudanabe ndi masitepe. Za mayi ako ndizifotokoza mwadongosolo, pakuti ndizo zandikhazika pa tebulo lino.

Monga ukudziwa, chiwagwereni sitiroko mayi ako sankatulutsa liwu ngakhale limodzi. Namwino amene amabwera kudzawaongola manja ndi miyendo anandilangiza kuti ndiziwawerengera mokweza masana alionse, ati khutu likamadya lilime limatsatira. Anandichenjezanso kuti ndisawawerengere zodzidzimutsa mtima. Ndinamuyamikira, ngakhale kuti munthu amene anaphunzitsa Chilatini mpaka imvi sasowa kuuzidwa za kawerengedwe.

Ndinayamba ndi ndakatulo za akale, ndikumamasulira mzere ndi mzere. Mayi ako ankagona tsamba lisanathe. Ndinayesa mbiri ya maufumu amene anagwa. Iwo anatembenuzira nkhope kukhoma. Azakhali ako, amene pakamwa pawo ukupadziwa, anati ndisadabwe, popeza ana anga asukulu ankachitanso chomwecho, kungoti iwo analibe bedi.

Kenaka denga la kachipinda kosungiramo katundu linayamba kudontha, ndipo madzi analowa m'thiranki yako yobiriwira ija. Mudali mulu wa timabuku tako ta zithunzi ndi nkhani za mizukwa, zimene unkagula uli ku sekondale, zina sunazitsegule n'komwe. Buku ndi buku, ngakhale likhale lachabe, silisiyidwa kuti liwole. Choncho timabukuto ndinatiyanika pansi m'chipinda cha mayi ako, pamene dzuwa limalowera pa windo.

Ndikuyanika choncho ndinamva kugogoda. Linali dzanja lawo lamphamvu lija likumenya m'mbali mwa bedi, maso ali pa kabuku ka chikuto chofiira.

Ndinene poyera kuti maganizo anga pa mabuku otere sanasinthe. Anthu ake maso ngati mbale, mawu akutuluka pakamwa m'timabaluni, ndipo palibe amene amalowa m'nyumba mwaulemu. Onse amathyola chitseko. Komabe ndinavala magalasi, ndinakhala pambali pawo kuti aziona zithunzi, n'kuyamba. Tsiku limenelo sanagone. Mawa lake sanagonenso. Tinatsitsa muluwo pang'onopang'ono: mizukwa ya m'zitsime, agalu a maso amoto, zimphona zouluka zovala zothina. Azakhali ako anayamba kubwera ndi zoluka zawo, ati akudzaona wodwala.

Tinafika pa nkhani yaitali, yogawidwa m'timabuku tambiri, ya telala amene anamwalira koma makina ake ankasokabe okha m'shopu yokhoma. Ndivomere kuti wolemba wake amadziwa kumanga chiganizo. Mwana wamkazi wa telalayo anatsegula chitseko kuti aone chimene chinali kupalasa makinawo. Apo ndinakumbukira chenjezo la namwino. Ndinaphimba chithunzi cha m'munsi ndi chala changa chachikulu, ndipo ndi mawu odekha ndinawerenga kuti mtsikanayo anapeza mphaka atakhala pa chopondera, nabwerera kukagona mwamtendere.

Ndinamva mpweya ukukokedwa movutikira, ngati munthu akusuntha kabati yolemera. Kenaka mawu okokota, koma omveka bwino:

"Mukunama, aphunzitsi."

Mwana wanga, moyo wanga wonse palibe munthu ananditchulapo wabodza ine n'kumusiya. Koma ndinachotsa chalacho. Pansi pake panali dzanja la mafupa okhaokha likuyendetsa nsalu yoyera, muyeso wake wa mtsikana uja. Ndinawerenga zimene zinalembedwadi, osachotsapo kanthu. Mayi ako anaseka ndi theka la pakamwa limene limawamvera. Azakhali ako anagwetsa zoluka n'kuyamba kulira, ndipo ine ndinapita pa windo kukapukuta magalasi, chifukwa timabukuti tili ndi fumbi lambiri.

Namwino atamva zimenezi anati tipitirize, mizukwa ikhale momwemo. Tsopano ndimanama dala. Ndikati chimphona chathawa, iwo amati ayi. Ndikasiya chiganizo pakati, amachimaliza. Dzulo anamuuza mtsikana wa m'nkhaniyo kuti ndi chitsiru, ndipo anapempha madzi ndi pakamwa pawo, osati ndi dzanja.

Tsono vuto ndi ili. Nkhani ya telala ilibe mapeto. Kabuku komaliza mulibe m'thiranki. Tamusiya mtsikanayo atavala diresi limene bambo ake akufawo anamusokera, ndipo kolala yayamba kuthina yokha. Ndinafunsa kwa ogulitsa mabuku akale kuseri kwa msika. Mmodzi anandiyang'ana kuyambira tayi mpaka nsapato n'kufunsa ngati ndikugulira mdzukulu. Ndinamuyankha kuti ndikugulira ine. Analibe. Ndinayesa kupeka mapeto anga, olongosoka ndi okhala ndi phunziro, koma mayi ako anatseka maso ndisanafike pakati.

Azakhali ako akuti kabukuko unapita nako pamodzi ndi mabuku ako a ku koleji. Ukhoza kukatumiza pa positi, ndipo sindidzadandaula. Koma ndikudziwa chimene chakuletsa kubwera chichokereni kuchipatala kuja. Unanena kuti sungapirire kukhala ndi mayi amene sangakuyankhe. Sindinakudzudzule, ndipo sindikukudzudzula. Ndikungokudziwitsa kuti chifukwa chimenecho chatha. Sindine munthu wozolowera kupempha, koma ndikupempha: bwera nako wekha, udzakhale pa mpando wangawu, udzawawerengere ndiwe. Ukadzanama adzakugwira.

Ndisanamate kalatayi ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembere. Zawatengera nthawi, ndipo ndadikira osawathandiza. Ndikulemba monga anenera, osakonza kanthu:

"Abwere. Ndi ana. Tione diresi."

Mulungu akusunge pamodzi ndi nyumba yako yonse. Undiperekere moni kwa mkamwini wanga, ndipo uwauze adzukulu kuti m'thiranki mukadali timabuku tambiri tosawerenga, ndipo agogo awo aamuna amadziwa kulankhula ngati mzukwa, ngakhale sachita zimenezo pagulu.

Ndine bambo ako.